Sindine Ndondocha, Onerani Filimu Yonse

Balaka,
Lamulungu masana.

Achimwene a Zubairu,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji kumudziko? Amama adzuka bwanji, bondo lija likuwalolabe kupita kumunda? Nanga alamu ndi kamwana? Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah. Ndikudya, ndikupita kusukulu, ndikuswali, udzudzu ukandiluma ndikukanda ngati munthu wina aliyense. Ndayamba ndi zimenezi dala, poti ndamva kuti ku Chikweo mukukayika.

Mudabwa kulandira kalata yanga, ine amene chibadwire sindinakulembereniko. Foni ya Mayi aang'ono ilipo, koma foniyo ndi imene yandiika m'mavuto, ndiye ndati bola pepala. Pepala silindiyang'ana m'maso. Ndikamalemba palibe wondidula mawu, palibe wonena kuti talankhula mokweza iwe. Ndiye muwerenge mpaka kumapeto, musalumphe, chifukwa kulumpha nkhani ndi kumene kwatifikitsa pano.

Nasiru, kondakitala uja wa minibasi ya ku Ntaja, ndi amene wandiuza zonse, ndipo ndi yemweyo akupatseni kalatayi. Akuti Lachisanu likubwerali mukatuluka ku Juma, abale mukakhala pansi kwa malume athu, Amjomba Che Abdulaziz, pa nkhani ya ine. Akuti Amjomba anena kale kuti adzanditenga okha, ndikasambitsidwe mankhwala, sukulu ya ku Balaka ithere pomwepo. Chifukwa chake akuti Mayi aang'ono a Salima anandisandutsa ndondocha, ndimawasenzera matumba kuti alemere. Ena akuti iyayi, amene akuyenda m'Balaka muno si Yasmin, ndi chimakina chovala nkhope yanga, Yasmin weniweni anatsekeredwa m'chipinda.

Achimwene, mayeso a Fomu 2 ndi mwezi wamawa. Mwezi wamawa! Ndikabwera kumeneko ndikudziwa chimene chikundidikira. Kusambitsidwa, kutemedwa mphini, kenako chaka chisanathe abwera wina wochokera ku Joni ndi sutikesi yake, nkhani ya sukulu osadzaimvanso. Ndipo zonsezi chifukwa cha filimu ya Kevin, filimu imene chombo chake chochokera ku nyenyezi ndi dishi ya tivi yakufa ndi beseni losambitsira mwana.

Ndikuuzeni mmene zinayambira. Kevin ndi mnyamata wa konkuno, amajambula maukwati ndi zinkhoswe. Ali ndi kamera imodzi ndi laputopu imene imazima yokha ikatentha, amachita kuikupiza ndi katoni. Mutu wake unadzaza ndi mafilimu a zolengedwa za ku nyenyezi, iye amati maeliyeni. Pa holide yapitayi anabwera ku gulu la zisudzo la kusukulu kwathu kudzafuna anthu. Ine si wa gululo, inu mukudziwa, ngakhale kuima kutsogolo kwa kalasi sinditha. Ndinangoperekeza mnzanga Dorica, n'kukhala pakona phee. Kevin anandiyang'anitsitsa mpaka ndinafuna kuthawa, kenako anafunsa Dorica ngati mnzakeyu amaphethira. Anati wakhala akufunafuna munthu woti akhale loboti, koma aliyense kamera ikamuloza amayamba kuseka, ndiye lero wapeza wobadwa nazo.

Zinandiwawa, koma pansi pa mtima ndinasangalalako pang'ono. Kanali koyamba munthu kunena kuti kukhala chete kwangaku kuli ndi ntchito.

Sindinachite mobisa. Tinakapempha kwa Mayi aang'ono, iwo anamupanikiza Kevin ndi mafunso ngati wapolisi. Muli zogwiranagwirana? Muli zovina? Nanga nthawi ya swala ikakwana? Anavomera pokhapokha ndisavule mpango kumutu. Kevin anadandaula kuti loboti la hijabu sanalionepo, Mayi aang'ono anamuuza kuti ndiye alionera pompano. Kevin anakanda mutu, n'kunena kuti palibe vuto, maeliyeni amakopera chilichonse, mpango womwe.

Nkhani ya filimuyo ndi iyi, poti kumeneko palibe amene akuidziwa. Maeliyeni atera kwa Kalembo, pakati pa malambe. Ayamba kuba anthu mmodzimmodzi, kuwatsekera, m'malo mwawo n'kubweza makina ofanana nawo nkhope, mawu, zovala, zonse. Abale sazindikira. Ena mpaka akusangalala, poti mwana amene anali waulesi tsopano akutola thonje tsiku lonse osapuma, osapempha chakudya, osayankha mwano. Akuluakulu akumuyamikira kuti wakula. Mudzi wonse utsala pang'ono kukhala wa makina okhaokha, thonje lonse likupita ku chombo. Dorica anafunsa kuti maeliyeni thonje akukachita nalo chiyani, Kevin anati kwawoko kumazizira, ndipo asamafunse zambiri.

Maeliyeniwo anali anyamata awiri a kabaza, atavala zipewa zawo za njinga yamoto zokutidwa ndi pepala lonyezimira lija lokulungira nkhuku yowotcha. Mmodzi anakomoka ndi dzuwa la kwa Kalembo, tinachita kumuvula chipewa n'kumuthira madzi, atadzuka anafunsa ngati njinga yake ilipo. Chombo tinachimangirira ku nsungwi, Dorica n'kumachigwedeza ali kuseri kwa mlambe. Utsi unali wa zitsononkho. Mbuzi ya eni ake inalowa pakati n'kuyamba kudya pepala lonyezimira, Kevin anati isiyeni, tinena kuti nayonso ndi loboti.

Mawaya amene munawaona akutuluka pakhosi panga ndi a wailesi yakufa, anandimata ndi selotepi, pomatula panatuluka tiziphuphu. Kumaso anandipaka vaselini wosakaniza ndi zonyezimira za ku saluni. Pena anandipatsa tsabola wa kambuzi kuti nditafune osatsinzina, kusonyeza kuti makina samva kuwawa. Ndinatafuna. Kamera itangozima ndinalira, mamina mbwee, ndinamwa madzi a m'ndowa ya mayi wina amene ankangodutsa. Ndondocha yake imeneyo, Achimwene?

Ndipo ndisakubisireni, masiku amenewo ndinasangalala. Ndinkaseka mpaka kupweteka m'nthiti. Anthu ankandiitana ndi dzina, ankandidikira ndikapita kukaswali pansi pa mlambe. Ndinkaganiza kuti filimu ikadzatuluka ndidzabwera nayo kumudzi pa holide, Amama adzandione pa sikirini adzaseke. Sindinadziwe kuti idzafika isanathe, ndipo idzawaliza.

Kevin analibe malo otsekeramo anthu obedwawo, ndiye anapempha kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa golosale ya Mayi aang'ono. Iwo mwa ufulu wawo anavomera, mpaka anatiphikira tiyi. Ndi mmene munandiona nditaima maso tong'o, eliyeni akunditsegula pakhosi, kenako ndikusenza thumba kutuluka nalo pakhomo lolembedwa dzina lawo. M'thumbamo munali makatoni ong'amba. Mphepo ikanawomba likanauluka.

Kevin anadula kachidutswa komweko, kafupi kosakwana ndi kuwiritsa madzi a tiyi, n'kukaponya m'mafoni kuti anthu alakelake filimu ikubwera. Sanandifunse ine, sanafunse Mayi aang'ono, sanalembepo ngakhale kuti ili ndi sewero. Ameneyo ndiye woyamba amene ndakwiya naye.

Wachiwiri ndi Amosi wa vidiyo pa Chikweo. Ndimamudziwa Amosi ndi maiki yake. Filimu ya Chitchaina amaimasulira ngati anabadwira komweko, aliyense wa m'filimu amamupatsa dzina la munthu wa pamsika. Pa mafilimu akunja zimaseketsa, chifukwa Mtchaina uja sadzamva kuti ku Machinga anamutcha Che Uje wogulitsa fodya. Koma ine ndili ndi amayi pamtunda pomwepo. Nasiru akuti Amosi anaika kachidutswa kaja filimu yaikulu isanayambe, n'kumakabwerezabwereza, akukuwa kuti taonani mwana wa malemu Che Sharifu, anapita ku Balaka kukafuna sukulu wakapeza ganyu yosalipidwa, lilime adula kale, golosale ya a Salima ikuyendera mwana wa achemwali awo. Anyamata akuti anagwa m'mabenchi ndi kuseka.

Ndipo akuti inu munalipo. Akuti munaseka nawo. Nasiru sananene mwa miseche, ndinachita kumukakamiza. Mwina munaseka chifukwa munadziwa kuti ndi sewero. Chabwino. Koma bwanji simunaimirire n'kunena kuti iwe Amosi, dzina la Ababa lichoke pakamwa pako? Inu amene mumatha kukangana ndi munthu tsiku lonse pa nkhani ya mpira. Wamanyazi pabanja pathu ndine, inu ayi. Tsiku limenelo lilime anadula la ndani?

Anyamata anaseka n'kumapita kwawo. Koma nkhani ikachoka m'vidiyo kupita pa mjigo, nthabwala imatsala panjira. Azimayi sanamve kuseka kuja. Anangoona pa mafoni a ana awo mwana waima ngati mtengo, maso osaphethira, wasenza thumba pakhomo la a Salima. Ndiye anayamba kulumikiza. Firiji ija a Salima anaigula liti? Si chaka chomwe anatenga mwanayu? Nanga bwanji iwo alibe mwana wawowawo?

Firijiyo ndikuidziwa ine. Inachokera m'mandasi amene Mayi aang'ono akhala akukazinga zaka zonsezi, manja awo ali ndi mabala a mafuta mpaka m'zigongono. Mayi amene ananditenga Ababa atamwalira, pamene abale ena onse ankayang'ana kumbali. Amandigulira yunifomu, ndikachedwa kusukulu amandidikira pamsewu, ndikadwala sagulitsa. Anthu amene lero akufunsa za firiji, nthawi imene ija anali kuti? Ndani mwa iwo anabwera ndi kope ngakhale limodzi?

Mayi aang'ono atamva nkhaniyi sanatukwane, sanalire pamaso panga. Anangopita kuseri, n'kukhala pa thumba la mchere, n'kundifunsa ngati nawonso achemwali awo, Amama, akukhulupirira. Ogulitsa nsomba a ku Chiuta amene ankamwera tiyi pano, ena oti Mayi aang'ono ankawasungira katundu ulere, tsopano amadutsa tsidya lina la msewu ngati pano pali maliro a khate.

Yankho la funso lawolo linabwera ndi foni yanu. Munaimba n'kunena kuti Amama akufuna andimve mawu. Ndinasangalala, ndinathamangira kuseri kuti ndilankhule bwino. Koma simunandiuze kuti mwaika pa laudi, ndiponso kuti khonde lonse ladzaza anthu. Ndinangomva Amjomba akutsokomola, mwana akulira, wina akuti shii tamverani, wina akuti mufunseni dzina la agogo ake. Achimwene, mumandidziwa. Ndili wamng'ono alendo akabwera ndinkabisala kuseri kwa nkhokwe. Ku madrasa shehe ankachita kuwerama kuti amve ndikuwerenga. Amama anafunsa ngati ndili bwino, ndinati eya. Anafunsa ngati akundizunza, ndinati iyayi. Anati tandiuza chilichonse mwanawe, chilichonse, ndipo mawu onse anandithawa. Ndinamva wina akuti mwamvatu, si ndinanena ine, lilime lija ndi lalifupi. Kenako Amama anayamba kulira, foni n'kuduka.

Inu ndi amene munagwira foniyo. Mukanatha kunena kuti anthuni, ameneyu ndi mmene alili kuyambira kale, tachokani alankhule ndi amayi ake. Simunanene.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi ichi. Kumudziko ankanditama kuti Yasmin ndi mwana waulemu, sayankha akuluakulu, saseka mwachisawawa, atsikana ena atengerepo chitsanzo. Amjomba omwewo ankandiloza pouza ana awo. Lero chete yemweyo wasanduka umboni woti sindine munthu. Ndiye mumafuna chiyani? Ndikakhala phee ndine ndondocha. Ndikanalankhula kwambiri mukanati tauni yamuwononga.

Kusukulu nako nkhaniyi yafika. Anyamata a kumbuyo akandiona amayenda mouma ngati matabwa, ena amandifunsa ngati ndatchaja. Amenewo sindiwawerengera, ndi zibwana, ndipo akudziwa kuti ndi filimu. Zimene zinachitika dzulo ndiye zina.

Abiti Chande, aja ogulitsa matemba, anabwera pagolosale ine ndikuyeza shuga. Sanagule kanthu. Anandipatsa moni, ndinayankha bwinobwino. Anayamba kundizungulira, kusuzumira m'khosi mwanga. Ndinaganiza kuti akufuna sopo wa pa shelefu yakumbuyo. Nditangotembenuka ndinamva chobaya pamkono. Phini, Achimwene! Phini wa mpango wawo! Anandibaya kuti aone ngati mutuluke magazi kapena oilo. Akuti anatumidwa ndi azimayi a pa mjigo kuti akabweretse umboni. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa, koma uyu ndiye anabwera ndi chida.

Magazi anatuluka. Koma sanatuluke okha. Sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndinakuwa mpaka matelala a tsidya lina anaimitsa makina awo. Ndinawafunsa Abiti Chande ngati kwawo mwana wa mnzawo amamubaya ngati mbatata ya pamoto poona ngati yapsa. Ndinawauza kuti akanene pa mjigo kuti ndondocha ija imatukwana, m'Chiyao ndi m'Chichewa momwe. Ndinawauza kuti matemba awo amanunkha kuyambira kale, anthu amangogula chifukwa choopa pakamwa pawo. Zinazo sindilemba, mwina kalatayi muwerengera Amama.

Abiti Chande anathawa kusiya dengu, akabaza akuwaombera m'manja, wina akukuwa kuti loboti lapsa mtima, lizimitseni. Mayi aang'ono anatuluka, anayang'ana mkono wanga, anandiyang'ana ine, n'kuyamba kuseka koyamba chiyambire nkhaniyi, mpaka misozi. Kenako anandiuza kuti ndikapange udhu, kusamba kuja kwa swala, ndipemphe chikhululuko kwa Allah, chifukwa mawu ena aja sakudziwa kumene ndinawaphunzira. Ndapempha. Koma Abiti Chande sindiwapepesa, ayambe ndi iwo. Dengu lawo lili pano, matemba sitinakhudze, adzatenge okha ngati ali ndi mtima.

Mkwiyo usanazizire ndinapita kwa Kevin. Ndinamupeza akunyadira kuti kachidutswa kake kafika mpaka ku Machinga, akuti filimu yatchuka isanatuluke, akuti kunja anthu amachita kupempherera zimenezi. Ndinamuonetsa mkono. Ndinamuuza kuti kutchuka kwakeko kukundichotsa sukulu, ndipo mayi amene anamuphikira tiyi akutchedwa mfiti. Ndinati andipatse filimu yonse. Anayamba zoti sinathe, phokoso la chombo sanaike, nsungwi ikuonekabe kumwamba, anthu amuseka. Ndinati andipatse ndi nsungwi yomweyo, ndipo sindichoka. Ndinakhaladi pa benchi lake, maso tong'o ngati m'filimu muja, osaphethira, mpaka anachita mantha yekha n'kuikopera pa kamemori khadi. Ndi kamene ndakamata ndi selotepi m'munsi mwa pepala lomaliza. Musakataye.

Tsopano ndikuuzeni mathero amene Amosi sanawaone. Amene akusewera ngati mayi anga m'filimumo ndi amayi ake a Dorica, ogulitsa tomato. Poyamba amasangalala kuti mwana wawo wasiya ulesi. Koma tsiku lina akumuthira madzi kumapazi pochokera kumunda, aona chidendene chakumanzere chili see, chosalala. Mwana wawo anali ndi chipsera pamenepo. Maeliyeni anakopera nkhope ndi mpango, koma pansi sanayang'ane. Mayiyo safunsa munthu, saitanitsa abale, satuma wina ndi phini. Angotenga musi, ulendo kukathyola chitseko chija, apeza mwana wawo weniweni ali m'kati, agwada, amugwira chidendene.

Zimenezi sizinali m'mutu mwa Kevin poyamba. Iye ankafuna kuti chombo chiphulike, koma analibe chophulitsira. Anaona chipsera changa nditavula nsapato kwa Kalembo kuja, n'kusintha mathero onse. Pojambula loboti anajambula phazi langa lakumanja n'kulitembenuza pa laputopu kuti lioneke lakumanzere. Koma cha kumapetocho ndi changa chenicheni, chimadzaza sikirini yonse.

Chipsera chimenecho mukuchidziwa. Munandikweza pa kaliyala ya njinga ya Ababa popita ku chigayo, munandiuza kuti nditambasule miyendo, ine ndinatengeka ndi kuyang'ana ng'ombe, phazi n'kulowa m'masipoko. Munandibereka mpaka kuchipatala, njinga ndi chimanga kuzisiya pamsewu, mukulira kuposa ine. Titabwerako Amama anatenga mkwapulo, ine ndinawagwira chitenje n'kumakuwa kuti musawamenye, wolakwa ndine. Tsiku limenelo ndinalankhula anthu onse akumva. Mukukumbukira?

Pempho langa ndi limodzi basi. Lachisanu kwa Amjomba, munthu aliyense asanatsegule pakamwa, muwaonetse filimuyi. Ngati foni yanu ichepa, mukabwereke tivi ya Amosi ndi batire lake, ali nanu ndi mangawa ameneyo. Koma maiki asiye kwawo, ndipo iye akafuna kuonera nawo akhale kumbuyo atatseka kukamwa. Amama akhale kutsogolo. Muonere yonse, mbuzi ndi nsungwi zomwe, musathamangitse. Filimu yake si yabwino kwenikweni, ndikuvomera. Mawu pena amachedwa, eliyeni wina akuoneka mapatapata, ndipo pena mumva Kevin akukalipira ana kuti achoke. Sekani, n'zoseketsadi. Koma ikafika pa chidendene muiimike. Mutembenuke, muwayang'ane anthuwo, muwauze ndi pakamwa panu kuti phazi ili ndi la ndani, ndipo chipserachi chinabwera bwanji. Kwa Amosi munakhala chete. Pa foni munakhala chete. Apa musakhale chete.

Amjomba ndimawalemekeza, ndipo ndikudziwa kuti akuchita zimenezi chifukwa cha mantha, osati nkhanza. Akafunabe kubwera abwere, tiwalandira, tiyi amwa, adzaone makope anga ndi kachipinda kaja, muli sopo ndi mchere basi. Koma ine sindikwera minibasi mayeso ndisanalembe, ndipo sindisiya Mayi aang'ono okha ndi dzina limeneli. Akadzandigwira dzanja ndidzakuwa ngati dzulo, ndipo Balaka yense akudziwa tsopano kuti ndimatha. Sindikunena mwamwano. Ndikungofuna asadzadabwe.

Zina kuno ndi zomwezo. Kwayamba kuzizira m'mawa, thonje layamba kulowa m'tauni, fumbi lili ponseponse. Masamu akundivutabe koma ndikulimbana nawo. Mkono watupa pang'ono, ukupola.

Mundiperekere moni kwa alamu, kamwana mukapsompsone. Moni kwa Amjomba ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa ana onse a pakhomo. Mayi aang'ono akuti ndipereke moni kwa achemwali awo. Ndinawafunsa ngati akutsimikiza, anati lemba iwe, anandibereka kumsana ameneyo. Kwa Amosi musandiperekere.

Amama muwauze kuti ndinamva kulira kwawo, ndipo mawu amene anandithawa tsiku lija ndi awa, mapepala onsewa. Akafuna kundimva aimbe ali okha kuseri kwa nyumba, popanda wotsokomola pambali. Ndidzalankhula mpaka mayunitsi athe.

Ndine mlongo wanu, wa chidendene chimene munabereka,

Yasmin Sharifu